Kabokosi Kamene Lorraine Anachonga

Kodi n'chiyani chingachititse munthu wosauka, amene amawerama kutola kandalama kachitsulo pamsewu ngakhale msana ukumupweteka, kukana ndalama zake zomwe? Ganizirani yankho lanu, mulisunge kaye, mumve za bambo Desmond Pickersgill a mumzinda wa Hull.

Linali Lamlungu masana, kuchiyambi kwa Ogasiti m'chaka cha 2019. Lorraine, mkazi wa mwana wawo Craig, anali atawotcha nkhuku ndi mbatatesi. Ali mkati modya, wailesi yakanema inakumbutsanso anthu kuti tsiku lomaliza kudandaula za inshuwalansi ya ngongole, ija aliyense ankangoti PPI, linali pa 29 mwezi womwewo.

"Mwamva, Adadi?" anatero Craig akuloza ndi foloko. "Kwatsala milungu itatu. Mumsewu muno aliyense analandira zake. Ngakhale Trevor uja wosatha kulemba dzina lake anagulira firiji."

"Aidye firiji yakeyo. Ndipatsire msuzi."

"Anakuberanitu anthu aja!"

"Ndati msuzi, mwana iwe. Kodi makutu unawasiya kuntchito?"

Lorraine ananyamuka, nati akukaona keke mu uvuni, ngakhale ankadziwa kuti sinapse. Anaima kukhitchini atagwira mpopi wamadzi. Mwa "anthu aja" amene mwamuna wake ankawatukwana, mmodzi anali iyeyo.

M'chaka cha 2005 Lorraine ankagwira ntchito pakauntala ya banki ina mumzindamo, ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. M'chipinda chomwera tiyi munali bolodi la mayina a antchito, ndipo pambali pa dzina lililonse ankalembapo mainshuwalansi amene munthuyo wagulitsa. Amene dzina lake latsalira pansi ankaitanidwa kwa bwana Lachisanu. Lorraine anali ataitanidwa kawiri.

Sabata imeneyo apongozi akewo, bambo Desmond, amene ankadzilemba okha ntchito yotsuka mawindo a m'nyumba za anthu, anabwera kudzatenga khadi la ngongole kuti agulire makwerero atsopano. Anasankha mzere wa Lorraine dala, akuti kukweza mpongozi wawoyo. Atawafunsa za inshuwalansi anayankha mosazungulira: "Ayi, mwana wanga, zimenezo n'za anthu ovala mataye." Kenako anatembenuka, ndipo Lorraine anachonga kabokosi ka inshuwalansiyo, napinda pepala, n'kuwasonyeza posayina.

Patapita zaka zinayi msana wa bambo Desmond unakaniratu. Craig ndi amene anaona pa kalata ya kubanki kuti mwezi uliwonse ankadulidwa ndalama za inshuwalansi, ndipo anasangalala kuti mwina iwalipirira ngongoleyo pamene akudwala. Yankho linabwera lalifupi: msanawo unayamba kuvuta kale asanagule inshuwalansi, choncho sakanalipira. Pofuna kuthana ndi ngongole, bambo Desmond anagulitsa galimoto yawo pamodzi ndi misewu yawo yonse, ndiko kuti mndandanda wa nyumba zimene anazitsuka kwa zaka makumi atatu. Wogulayo anali mnyamata amene ankasiya mizere pagalasi. Mpaka lero bambowo akamadutsa m'misewu imeneyo amayang'ana pansi.

Craig ankati ndi makina a kubanki amene anawonjezera inshuwalansiyo. Lorraine sanamutsutse.

Lolemba lotsatira Lamlungu lija, Lorraine anakumana ndi Bev, mnzake wakale wa pakauntala, pamalo omwera khofi pafupi ndi msika.

"Iwe, wapenga?" anatero Bev atamva nkhaniyo. "Ukufuna kudzutsa njoka ili m'tulo? Tonse tinkachonga. Ine ndinachongera ngakhale abusa, ndipo ndimagona ngati mwana."

"Koma awa anataya ntchito yawo, Bev."

"Unawathyola msana ndiwe? Khala chete milungu itatu, chitseko chitsekeke, nkhani yatha. Craig wakoyo akamva akutulutsira zovala pabwalo. Kapena ngati chikukuluma kwambiri, apatse nambala ya makampani aja odandaulira anthu za PPI, amene amaimba foni nthawi ya chakudya. Amadula gawo lawo, koma safunsa mafunso ambiri."

Lorraine anaona kuti malangizowo ndi okoma m'khutu. Anawatsatira kwa masiku khumi. Tsiku lililonse ankadutsa kwa apongozi akewo kukawasiyira buledi, ndipo ankawapeza atavala majuzi awiri m'nyumba chifukwa ankaopa kuyatsa chotenthetsera ngakhale kunja kukuzizira ndi mvula. Tsiku lina anawapeza akusoka nsapato yawo ndi ulusi wa mbedza. Atabwerera m'galimoto yake analira mpaka woyendetsa basi kumbuyo kwake anaimba hutala.

M'mawa mwake anapita ku ofesi yopereka uphungu kwaulere, pamwamba pa laibulale. Anakumana ndi mayi Nasreen Qureshi, mlangizi wa zangongole, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe.

"Ndabwera m'malo mwa mnzanga wina," anayamba Lorraine.

"Anzathu amenewa ndi ambiri mwezi uno," anatero mayi Qureshi akumwetulira. "Chabwino, tiyeni tione ngati mnzanuyo ali ndi chifukwa chodandaulira. Kodi anauzidwa kuti inshuwalansiyo ndi yosakakamiza, kuti khadi akanalandirabe popanda iyo? Kodi anamuwonjezera iye atakana, kapena asakudziwa? Kodi anafunsidwa za matenda amene anali nawo kale? Nanga ntchito yake? Inshuwalansi zambiri za mtundu umenewu sizinkawathandiza mokwanira anthu odzilemba okha ntchito, opuma pantchito kapena amene sanali pantchito. Ndiponso kodi anamufotokozera mtengo wake, ndi zimene sizilipiridwa? Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kuyambitsa dandaulo."

"Pali zingapo," anatero Lorraine motsitsa mawu. "Nanga wogulitsayo? Munthu amene anachonga kabokosi... amamuchita chiyani?"

Mayi Qureshi anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Dandaulo limapita kwa banki, mayi, osati kwa kalaliki. Banki ndi imene inakonza kagulitsidwe kameneko, ndipo ndi imene imabweza ndalama. Sindikunena kuti wochongayo sanalakwe. Koma akakhala chete mpaka tsiku lidutse, ndiye kuti walakwa kawiri. Muuzeni mnzanuyo zimenezo. Ndipo asalipire kampani iliyonse. Kudandaula ndi kwaulere, ndipo banki ikakana kapena ikapanda kuyankha m'milungu isanu ndi itatu, pali ofesi yoima payokha imene imaweruza nkhani zotere, nayonso kwaulere."

Lorraine anapita molunjika kwa apongozi ake. Anawapeza akupukuta windo la pabalaza pawo ndi nyuzipepala, pang'onopang'ono, dzanja lina lili m'chiuno.

"Adadi, ndili ndi mawu."

"Ngati ndi za fomu yodandaulira ija, ketulo ili apo, imwa tiyi uzipita."

"Ndapita kwa mlangizi. Akuti muli ndi zifukwa zomveka. Akuti kudandaula n'kwaulere, ndipo mlandu wake ndi wa banki, sukhudza kalaliki amene anagulitsa. Koma Adadi, ine ndikufuna ndikuuzeni kuti..."

"Tabwereza."

"Kuti n'kwaulere?"

"Ayi, chinacho."

"Kuti sukhudza kalaliki."

Bambo Desmond anasiya kupukuta. "Amene wanena zimenezi ndi munthu wodziwa malamulo, kapena ndi Trevor?"

"Ndi mlangizi weniweni, Adadi."

Anapinda nyuzipepala ija bwinobwino n'kuiika pampando. "Ndipatse jekete langa. Osati long'ambikalo, la kutchalitchi."

M'galimoto Lorraine anayesa kawiri kuyambitsa nkhani yake, koma bambowo ankangodandaula za madalaivala a masiku ano. Anafika ku ofesi kuja asanaulule kanthu.

Mayi Qureshi sanasonyeze kudabwa kuona "mnzake" wa Lorraine ali nkhalamba ya ndodo. Anatulutsa fomu n'kuyamba kufunsa.

"Pa nthawi imene munkatenga khadi, munkagwira ntchito yanji, bambo?"

"Yanga ndekha. Bwana wanga anali mvula basi."

"Msana unali utayamba kale kuvuta?"

"Kuyambira 1998. Adokotala ali ndi mabuku awiri a ine ndekha."

"Alipo anakufunsani za msanawo, kapena kukuuzani kuti inshuwalansiyi silipira matenda akale?"

"Palibe."

Funso limenelo anayenera kufunsa ndi Lorraine tsiku lija kubanki, ndipo ankadziwa bwino za msanawo, pakuti ndiye ankawagulira mafuta opaka.

"Funso lina," anatero mayi Qureshi. "Kodi inshuwalansiyi anakuwonjezerani inu musakudziwa?"

"Lembani kuti inde," anatero Lorraine. "Ndinachonga ndine. Adadi, munakana, ine n'kuchonga mutatembenuka. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Galimoto yanu, misewu yanu, zonse zija ndi ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nanu pa tebulo limodzi ngati munthu. Lero ndikamuuzanso Craig."

Misozi ya Lorraine inayamba kugwera pa fomu. Bambo Desmond anatulutsa mpango m'thumba la jekete n'kumupatsa osamuyang'ana.

"Pukuta misozi, ukunyowetsa mapepala a boma," anatero. Kenako anatembenukira kwa mlangizi. "Mayi, lembani za msana. Lembani za ntchito yanga. Lembaninso kuti ndinakana pakamwa, chifukwa n'zoona. Koma zoti sindinkadziwa musalembe. Sindinasayinepo bodza chibadwire."

Mayi Qureshi anayang'ana bambowo, nayang'ana Lorraine, kenako analemba monga anauzidwira. "Zimene mwanenazi n'zokwanira," anatero. "Titumiza lero lomwe."

Bambo Desmond anasayina, nanyamuka ndi ndodo yawo. "Tiye, mwana wanga. Undigulira nsomba ndi tchipisi, ndipo za Craig uzisiye mpaka ndikhalepo. Mutu wake ndimaudziwa, ndi wa amayi ake."

Phunziro: Ngati munagulitsidwa inshuwalansi ya ngongole mutakana, musakudziwa, mutauzidwa kuti n'chikakamizo, kapena osafunsidwa za ntchito ndi matenda anu, muli ndi chifukwa chodandaulira. Funsani kwa odziwa nthawi isanathe, nenani zoona zokhazokha, ndipo musalole manyazi kapena mantha opanda maziko kutsekera wina chimene chili chake.

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Tsiku lija mu 2005, bambo Desmond atatembenuka anayang'anizana ndi galasi la chitseko cha banki, ndipo m'galasimo anaona dzanja la Lorraine likuchonga kabokosi. Anasayina akudziwa, kuti mwanayo asachotsedwe ntchito ali ndi pakati, ndipo anakana kudandaula zaka zonsezo chifukwa ankaganiza kuti fomuyo ikamumangitsa.