Kuyesa Kamera pa Ababa

Dokotala sanabise kanthu. Anati Lachinayi adzachotsa chotupa cha pakhosi pamodzi ndi mbali ya kholingo imene imatulutsa mawu, ndipo a Beston akadzatsitsimuka adzakhala moyo, Mulungu akalola, koma sadzayankhulanso ngati kale. Perpetua, mwana wawo amene anawaitanitsa kuchokera ku Ntcheu kuti adzalandire chithandizo ku Gaborone, ndiye anamasulira uthengawo m'Chichewa. Anaunena pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. A Beston anagwedeza mutu, anathokoza dokotalayo, kenaka anapempha chipewa chawo.

Perpetua anali mphunzitsi, ndipo ankakhala m'kanyumba ka lendi ku The Village. Loweruka ndi Lamulungu ankajambula timafilimu take tatifupi pogwiritsa ntchito foni kapena kamera zobwereka. Anali atajambulapo amayi osoka zovala ndi alonda a pageti, Amalawi anzake. Kwa nthawi yaitali ankafuna kamera yakeyake yotsika mtengo koma yotulutsa zithunzi zooneka bwino, zija amati HD, ndipo ankazengereza poopa kugula chinthu cholakwika. Tsopano nthawi yozengereza inali itatha. Mawu a bambo ake anali atasasa ndi kuchepa, moti atayesa kuwajambula mobisa pa foni, chimene chinamveka kwambiri chinali kulira kwa filiji.

Atamuuza mlongo wake Justus, amene ankagwira ntchito yowerengera ndalama ku Fairgrounds, kuti akufuna kuwajambula bambo awo, iye anakana kwamtuwagalu. Anati kwawo munthu amene akupita ku mpeni samujambula, chifukwa kutero n'kumutsazika, n'kumukonzera maliro ali moyo. Anamukumbutsanso za malume awo amene anajambulitsa chithunzi m'mawa wa tsiku limene anagonekedwa m'chipatala, chithunzi chomwecho n'kudzaikidwa pa bokosi.

"Zikadzavuta, Perpetua, anthu kumudzi adzati ndiwe unawaitanira. Ndipo iwenso udzaganiza chomwecho."

Perpetua anayankha kuti iye ndi mkhristu, sakhulupirira malodza. Pakamwa panatero, koma mtima sunamve. Akagwada kuti apemphere ankasowa choti apemphe. Akawajambula n'kumwalira, adzakhala bwanji ndi mtima wake? Akapanda kuwajambula n'kuchira, mawu aja amene ankatsogolera mapemphero pa tchalitchi cha kwawo kwa zaka zambiri adzakhala atapita, ndipo adzukulu adzangomva kuti agogo anali ndi mawu okoma.

Lachiwiri masana anawauza bambo ake kuti amuperekeze ku Block 3 kukaona kamera, poti kuwongola miyendo kungawathandize. Zina zonse sananene. Khadi losungira zithunzi analikulunga m'kampango n'kuliika m'chikwama, ndipo ankalimva ngati khala la moto.

Wogulitsayo anali Ali, bambo wa ku Mangochi amene ankajambula maukwati ndi kugulitsa kamera zogwiritsidwapo kale ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa malo ometera. Wometayo, Motswana wachikulire, atawaona a Beston akupuma movutikira pakhomo, anawapatsa moni wa dumela rra, n'kutulutsa mpando wake womwe n'kuwapititsira m'kachipindamo. Perpetua anathokoza m'Chitswana, nati ke a leboga.

Ali atamva kuti alendowo ndi a ku Ntcheu, anafunsa ngati amubweretsera kachewere. A Beston anayankha monong'ona kuti kachewere anamusiya pa boda, atamva kuti kuno kuli munthu wa ku Mangochi amene sapatsa alendo ngakhale mutu wa usipa. Ali anaseka mpaka kugwira tebulo. Koma atamva mmene mawuwo anatulukira, anayang'ana Perpetua kamodzi. Anangopita kukathira madzi ofunda m'kapu n'kuwaika pafupi ndi mkuluyo.

Patebulo anayalapo kamera zitatu. Yaikulu anaikankhira pambali yekha, nati imeneyo ndi ya anthu ojambula misonkhano ya makampani. Zotsalazo zinali ziwiri zimene Perpetua akanakwanitsa. Ina inali yaing'ono, yonyezimira, pafupifupi yatsopano. Inayo inali yakale ndithu, yokalikakalika m'mbali, lamba wake womangidwa ndi ulusi. Ali anafotokoza kuti zonse ziwiri pa bokosi zinalembedwa HD, koma bokosi silijambula. Anati kamera siyesedwa pa maluwa panja dzuwa likuswa mtengo, chifukwa pamenepo iliyonse imaoneka yanzeru. Imayesedwa m'nyumba, pa nkhope ya munthu wakuda, ndiponso pa mawu.

"Achikulire, tibwerekeni nkhope yanu pang'ono. Sitikujambulani ayi, tikungoyesa."

Perpetua ankadziwa kuti Ali adzanena zimenezo, chifukwa aliyense wogula kamera amatero. N'chifukwa chake anabwera nawo. A Beston anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Anayamba ndi yaing'ono ija. Perpetua anamasula kampango, anaika khadi lake m'kameramo, n'kuloza bambo ake. Pa kagalasi nkhope yawo inaoneka ngati yopakidwa matope, maso okha ndi amene ankawala. Ali anawapempha kuti anene chilichonse, iwo anati kunja kukutentha, kenaka anatsokomola. Atabweza kuti amvere, kunamveka makina ometera a kuseri kwa khoma, mawu a mkuluyo ali kutali ngati a munthu wa kutsidya kwa dambo. Ali anaonetsa Perpetua kuti kamerayo inalibe pobayira maikolofoni yapadera, choncho palibe chimene akanachita kuti mawu amveke bwino.

Ali anatenga yakale ija n'kuikhazika pa miyendo yake itatu. Anabaya waya wa maikolofoni yaing'ono, n'kuikoloweka pa kolala ya a Beston mosamala kuti asakhudze khosi lotupalo. Anazimitsa fani, anasuzumira kwa wometa uja n'kumupempha kuti ayambe waima kaye, ndipo makina aja anati zii. Kenaka anamuveka Perpetua mahedifoni.

Pa kagalasi ka kamera iyi bambo ake anaoneka monga analili: makwinya a pachipumi, kachipsera ka pachibwano, imvi za m'nsidze. M'makutu mwake anamva kupuma kwawo pafupi kwambiri, ngati mmene ankakumvera ali mwana atawatsamira pachifuwa. Anadina batani.

Ali anawauza kuti angowerenga manambala mpaka khumi. A Beston anamwa madzi pang'ono n'kuyang'ana m'diso la kamera.

"Manambala ndi ntchito ya Justus," anatero. "Ine nditchule anthu anga."

Anayamba ndi malemu mkazi wawo, anamutchula dzina lake la pautsikana limene Perpetua anali asanalimvepo pakamwa pawo. Anatchula Justus, nati ndi mwana wamantha koma wa mtima wabwino, asamamuseke. Anatchula Lusubilo, mpongozi wawo wa ku Karonga, namuthokoza chifukwa cha phala limene ankawatumizira m'botolo. Anatchula adzukulu mmodzimmodzi, ngakhale aja amene akawalankhula Chichewa amayankha m'Chitswana, ndipo aliyense anamuikira mawu ake. Pomaliza anafika pa Perpetua, namutchula ndi mfunda wake.

"Nangozo, iwe umasenza zinthu wekha osauza munthu. Uzitula nthawi zina, mwanawe. Mulungu sanakupatse mutu wachitsulo."

Mawu anawathera pamenepo. Anayesa kupitiriza koma kunangotuluka mpweya, kenaka chifuwa chinawagwira kwa nthawi yaitali. Ali anawagwirira kapu. Perpetua sankaona kanthu chifukwa cha misozi. Mumtima ankati zikomo Ambuye, ndipo nthawi yomweyo ankapempha kuti amukhululukire ngati wachita choipa.

Chifuwa chitatsika, Ali anawerama kuti abweze chithunzicho amvere. Anadina, anadinanso, kenaka anatsegula kachitseko ka m'mbali mwa kamera. Munalibe kanthu. Iye sankasiya makhadi m'kamera zogulitsa, poti ake ankakhala ndi maukwati a anthu. Khadi la Perpetua linali lidakali m'kamera yaing'ono ija patebulo. Pa kagalasi panali chenjezo lofiira nthawi yonseyo, koma Perpetua ankayang'ana nkhope ya bambo ake, ndipo Ali ankayang'anira pakhomo kuti pasalowe munthu.

Perpetua anavula mahedifoni. Choyamba chimene chinamubwerera chinali chakuti mwina ndi Mulungu amene wakana, kuti Justus ankanena zoona ndipo iye wapulumutsidwa ku tsoka. Chachiwiri chinali chakuti zonse zimene zinatsala ndi mawu aja akuti kunja kukutentha, ndi chifuwa. Ali anapepesa mobwerezabwereza, akuti cholakwa ndi chake, iye ndiye wa ntchitoyi. Ananong'oneza Perpetua kuti awauze achikulire kuti ayesenso kachiwiri. Koma a Beston anali atatsamira khoma, maso ali otseka, ndipo zinali zoonekeratu kuti tsiku limenelo mawu sabweranso.

Perpetua anagula yakale ija. Ali anamuikiramo khadi ndi manja ake, anamuonjezera batire lina, n'kumubwereka maikolofoni ija kuti adzabweze akadzathana nayo. Pakhomo wometa uja anawagwira mkono a Beston mpaka pa galimoto.

Perpetua anakhala pa chiwongolero osaliza injini. Bodza la kuyesa linali litatha ntchito, chifukwa kamera yogula kale sayiyesanso. Linatsala Lachitatu lokha. Anapemphera mwachidule mumtima, pemphero lopanda mawu enieni, kenaka anatembenuka.

"Ababa, zimene munanena zija sizinalowe. Ndinaiwala khadi. Ndiponso sindinabwere nanu kudzayesa kamera. Ndimafuna kusunga mawu anu, koma ndimaopa kukupemphani."

A Beston anayang'ana anthu odutsa ndi majumbo a zogula. Perpetua atawayang'ana nkhope anazindikira kuti si iye yekha amene ankaopa. Atayankhula, anachita kuwayandikira kuti amve. Anati anatha kunena zonse zija chifukwa Ali anati n'kuyesa chabe. Munthu ukamayesa sutsazika. Anati chichokereni kwa dokotala, nkhani ya mlamu wawo ndi chithunzi chake sinawachoke m'mutu.

Perpetua anafuna kuwauza kuti basi, azisiye, kamerayo adzajambulira zina. Mawuwo anafika pakamwa koma anawameza, chifukwa akanakhala bodza lina. M'malo mwake anawauza kuti nayenso akuopa chimodzimodzi, ndipo sakudziwa ngati zili bwino kapena ayi. Anati akakana, iye sadzawakakamiza ndipo sadzawajambulanso mobisa.

Kombi inaima pafupi nawo, inatsitsa anthu, inanyamuka. A Beston anameza malovu movutikira, nkhope yawo ikuonetsa ululu.

"Mawu amabwerako m'mawa, ndikamwa madzi otentha," ananong'ona. "Mwina abwera, mwina ayi. Umuitane Justus akhalepo. Ngati n'kutsazika, ndisatsazike kuseri kwa mwana wanga. Ngati si kutsazika, adzaseke nafe."

Perpetua anavomera ndi mutu. Sanadziwe chimene Justus adzanene, ndipo mantha aja sanamuchoke, anangosendera pang'ono n'kumupatsa malo opumira. Anatenga foni n'kuyamba kufufuza dzina la mlongo wake. A Beston anamugwira pamkono n'kuloza pachifuwa pawo.

"Undisitirenso malaya oyera," anatero. "Awa ndatayirapo madzi."