Magazi a Tcheyamani

Pa antchito onse a pachipatala chathu, wokhulupirika kwambiri anali nkhosa. Sinkachedwa, sinkapempha tchuthi, ndipo pakatha milungu itatu iliyonse inkaima phee ine n'kuitapa magazi pakhosi. Malipiro ake anali madeya ndi mchere.

Ine ndine Gray, kwathu ku Ntcheu. Mu 1984 ananditumiza kukagwira ntchito mu labotale ya kachipatala kena pafupi ndi Uliwa. Ntchito yanga yaikulu inali kudyetsa tizilombo. Tija timatupitsa pakhosi, totchedwa sitirepitokokasi, timasankha zakudya ngati mlendo wonyada. Umaphika ufa wotchedwa aga, umene umalimba ukazizira, m'poto wa nthunzi, kudikira botolo lizizire mpaka ukaliika pa tsaya lisakuotche, kuthiramo magazi a nkhosa, kenako kugawa m'timbale tagalasi. Zikalimba umapakapo kathonje kochokera pakhosi pa wodwala, n'kuika m'bokosi lofunditsa la palafini. Mawa lake timadontho timakhala titamera. Tikakhala tomwe tija, timadya magazi mozungulira n'kusiya kabwalo koyera.

Kabwalo kameneko kanali chiphaso. Penisilini anali wochepa, ndipo a Reginald, mkulu wa chipatala, anaika lamulo: asanaone kabwalo ndi maso awo, jakisoni palibe. Koma matenda amenewa ukawalekerera amatsikira ku mtima, mwana n'kukula ali wefuwefu, osatha ngakhale kusenza ndowa.

Mu Julaye munamveka kuti kukubwera nduna kudzatsegula mlatho. Mphatso zinayamba kusonkhedwa: mpunga wa ku Wovwe, mazira, nkhuku. Wosonkhetsa anali a Hudson, tcheyamani wa chipani, munthu amene ankavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anafika kuseri kwa labotale ndi anyamata ake a malaya ofiira.

"Mberere iyi nja njani?" anafunsa m'chiyankhulo cha kumeneko, akuloza nkhosa.

"Ndi ya labotale, bwana tcheyamani. Ndi imene imatipatsa magazi oyezera matenda."

"Ili ndi khadi la chipani?"

Ndinayamba kuseka, koma nditaona kuti ndikuseka ndekha ndinasandutsa chifuwa.

"Ilibe? Nanga ikudya wuli udzu wa boma? Ipite ikapepese kwa anduna."

Inapitadi, ndipo ndinamva kuti inapepesa bwino, ndi anyezi. Ndinakwiya mpaka chakudya sichinalowe, koma masiku amenewo mkwiyo tinkautafuna n'kumeza. Mphunzitsi wina anatengedwa pa Landirova chifukwa chongofunsa kumene mazira amapita, ndipo sitinamuonenso.

Patatha masiku khumi, timbale tanga titatha, amayi Hilda, akazi awo a tcheyamani, anabwera ndi mwana wawo Keziya, wa zaka zisanu ndi zinayi. Thupi linali moto, pakhosi potupa ndi mawanga oyera, malovu akukanika kumeza. A Reginald anati tione kaye mbale. Ine ndinati magazi palibe. Pasanathe ola, a Hudson anali atadzaza pakhomo panga.

"Ndamva ukukana kuyeza mwana wane."

"Sindikukana, bwana. Nkhosa ija ndi imene..."

"Ukuti magazi a mberere ndi apamwamba kuposa a tcheyamani?" Anavula jekete, n'kupinda mkono wa malaya. "Tola apa!"

Magazi a munthu amagwirako ntchito pakavuta, ngakhale safika pa a nkhosa. Koma magazi awa ndinkawadziwa. Mlungu womwewo mwini wake anandibweretsera mobisa kanthu koti ndiyeze, ndipo ndinapezamo chinzonono, kachitatu chaka chimenecho, mphatso ya misonkhano ya ku Mzuzu. M'mawa uliwonse namwino Yunike ankawabaya penisilini m'chipinda chosungira katundu, wochotsedwa m'katoni isanafike kwa a Reginald. Kukana namwinoyo akanakana bwanji? Tsono pa magazi odzaza penisilini palibe kachilombo kangamere. Zonsezi ndinkazidziwa, anyamata ofiira atatu ali pawindo. Ndinatenga jakisoni n'kutapa.

Mawa lake mbale inatuluka yosalala ngati chipumi cha khanda. Ngakhale tizilombo wamba ta m'kamwa, timene timamera paliponse, sitinayerekeze. A Hudson anaikweza m'mwamba kuti odwala onse a pakhonde aone.

"Mwaona? Umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zonse zili m'magazi umu! Kachilombo kakangonunkhiza, kafa. Mwana ali ndi chimfine waka, basi."

Anyamata anaomba m'manja. Agogo ena amene anabwera ndi bala la pamwendo analuluta, poopa kuti angafunsidwe chifukwa chimene sanalulutire. A Reginald anaitembenuza mbale ija kawiri, n'kundiyang'ana.

"A Gray, mbale iyi yayera mopitirira muyeso. Pali chimene mukudziwa?"

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti palibe. Iwo analemba asipulini, ndipo gulu lonse linanyamuka kukauza anthu kumsika za magazi odabwitsa. Ndinadziona wonyansa. Ndinali nditagulitsa mtima wa mwana kuti ndigone pa bedi langa.

Ndikutsuka timbale, chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Anali amayi Hilda. Keziya anali atamugoneka pa benchi panja, atamufunditsa chitenje cha chipani.

"Adada, ine sukulu ndinalekeza sitandade folo," anatero motsitsa mawu, "kweni mwana wane ndimamudziwa. Ichi si chimfine yayi. Mbale ija yanena zoona?"

Ndinasuzumira pawindo. Panalibe malaya ofiira. Pa benchi paja mwana anayesa kumeza malovu, nkhope yonse n'kukwinyika.

"Yanama, amama."

"Chifukwa?"

"Magazi aja ali ndi penisilini. Pa magazi otero sipamera kanthu, ngakhale mwana atadwala chotani."

"Penisilini? Adada ake Keziya sakudwala."

Ndinapitiriza kupukuta kambale kamene kanali kouma kale. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha ngati munthu amene wapeza chinthu chimene wakhala akuchisaka m'nyumba zaka zambiri.

"Ayamba liti kubayidwa?"

"Lolemba."

"Anabwera kuchokera ku Mzuzu Lachisanu." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndipo ine amandiuza kuti kupweteka kwa m'chinenaku ndi ukalamba."

Anakhala pa mpando uja anakhalapo amuna awo dzulo lake, n'kutambasula mkono.

"Tolani anga. Ine palibe anandibayapo. Zimene amabweretsa timagawana, mankhwala okha ndiwo amadya yekha. Pa ine chilichonse chimera."

Ndinaupeza mtsempha n'kutapa magazi. Ndinaphika aga wina, ndinathira timbale tiwiri, ndinapakanso kathonje pakhosi pa Keziya. Anagona m'wodi tsiku limenelo, amayi ake atauza a Reginald kuti mwana sangathe kuyenda.

M'mawa ndinatsegula bokosi lofunditsa. Timabwalo toyera tinali mbwee, mbale yonse ngati nthenga za nkhanga. Ndinathamanga nayo kwa a Reginald. Anaiyang'anitsa kuwala kwa pawindo, sanandifunse kanthu, anangoitana Yunike kuti akonze jakisoni. Yunike anabwera akupotokola zala. Penisilini wa m'kabati anali atatha dzulo, ndipo galimoto ya mankhwala inali kudzabwera mwezi wamawa.

Nthawi yomweyo a Hudson analowa ndi anyamata awo. Inali nthawi yawo ya m'mawa ija, imene ankati amadzayendera chitukuko m'chipinda cha katundu. Anaona mbale ili m'manja mwa a Reginald.

"Ichi n'chivichi? Magazi ofooka chonchi, odyedwa ndi tizilombo ngati chimanga chofumbwa, nga njani? Ameneyu alibe khadi!"

"Ndi a mkazi wanu," anatero amayi Hilda ali pakhomo la wodi. "Khadi ndili nalo. Chimene ndilibe ndi chija mumalandira kuseri uko m'mawa uliwonse."

Mnyamata mmodzi wofiira anayamba kuwerenga chikalata cha katemera chimene chinali pakhoma, ngakhale tonse tinkadziwa kuti sadziwa kuwerenga. A Reginald anatembenukira kwa Yunike.

"Kuseri kuli mabotolo angati?"

"Khumi ndi awiri, bwana," anayankha Yunike akuyang'ana zala zake za kumapazi.

A Hudson anayamba kumanga mabatani a jekete lawo. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Akazi awo anawadutsa ngati akudutsa mtengo, n'kukaima pamaso pa namwino.

"Khumi mubaye mwana," anatero. "Awiri otsalawo ndi anga. Awa magazi awo ndi amphamvu, adzichiritsa okha."