Dzanja la Nachifunga

Bambo Weston sanali malume ake enieni a Edgar, koma ku London munthu amatola malume amene wapezeka. Pa ukwati wa Edgar ndi Etta mu 2005 ndiwo anaimira unkhoswe, popeza anali mkulu wa mpingo ku Tottenham, komanso kwawo kunali ku Ntcheu ngati mnyamatayo. Udindowo anaulandira ndi manja awiri, koma chaka chinatha osaitanidwa ku mlandu uliwonse, ndipo chamumtima zinkawanyong'onya.

Choncho Glory, mwana wawo wamkazi, atawatsina khutu kuti ku Romford, kwa Edgar ndi Etta, anthu sakulankhulana bwino, Loweruka lomwelo anavala jekete la ku tchalitchi, anatenga Baibulo, nakwera basi kenako sitima. Njira yonse ankasankha mavesi.

Etta anali namwino pa chipatala chachikulu cha komweko, Edgar ankagwira za makompyuta. Anawalandira mwaulemu ndi kuwathirira tiyi, koma mwamuna anakhala pa sofa, mkazi pa mpando wochokera ku khitchini, pafupi ndi chitseko. Atapemphera, bambo Weston anauza Edgar kuti ayambe ndiye.

Edgar anati gwero la zonse ndi Nachifunga. Mkazi ameneyo ngwachinyengo, iye anamuzindikira kalekale, koma Etta akungomuikira kumbuyo. Etta anati Edgar sanayesepo n'komwe kumvetsa mtima wa mkaziyo, ngakhale amamuyang'anitsitsa mlungu ndi mlungu.

Bambo Weston anaika kapu pansi, anatsegula buku la Miyambo, nafunsa motsitsa mawu ngati mayi Nachifungawo ndi a mpingo wa ku Tottenham kapena ndi a ku Peckham.

Awiriwo anayang'anana koyamba tsiku limenelo.

"Amalume," anatero Etta, akuluma mlomo kuti asaseke, "Nachifunga ndi wa m'katuni."

Zinapezeka kuti panali katuni ya pa TV imene ankaonera limodzi kuyambira ali pa chibwenzi, ya ngwazi zouluka zolondera mzinda. Mayina a Chingerezi anawataya kale. Mtsogoleri wovala zofiira ankamutcha Mphenzi, mnzake wamkazi wotha kusanduka nkhungu ndiye Nachifunga, ndipo mdani wawo, mwini makina oyamwa anthu mphamvu, ankangoti Chidazi. Gawo lotsiriza linathera pamwamba pa nsanja, Mphenzi akulendewera, Nachifunga atamugwira dzanja. Mkaziyo anamuyang'ana, ananena mawu osamveka chifukwa cha mphepo, namutaya. Zitatero eni ake anaimitsa katuniyo, osajambulanso.

Edgar ankati kumeneko ndi kupereka mnzako. Etta ankati anamutaya dala pomuthawitsa makina omwe ankabwera kumbuyo. Koma chilonda chenicheni chinali china. Edgar anakhala akukangana pa intaneti ndi munthu wina wodzitcha Mlongo wa Nachifunga, mpaka anamulembera kuti mutu wake ngwodzaza utsi. Mlongoyo anali Etta, yemwe ankalemba akaweruka ku shifiti.

Bambo Weston anatseka Baibulo pang'onopang'ono. Kuseka kukanawachotsera ulemu, kunyamuka kukanakhala kuvomereza kuti ayenda ulendo wachabe. Ndiye anakonza tayi, nanena kuti nkhoswe saweruza asanaone umboni.

Edgar anaika DVD yomwe anajambulapo gawolo. Akuluwo anaonera atapinda manja, nkhope ngati ali pa maliro. Itatha anapempha kuti aibwereze pa dzanja paja. Kenako anafunsa kuti Chidaziyo anamulakwira ndani, ndipo anauzidwa kuti zimenezo zili m'magawo oyamba. Anati aikenso amenewo, mlandu suyambira kumchira. Dzuwa linapendeka akadali pomwepo. Etta anaphika mpunga ndi nkhuku, ndipo bambo Weston anadyera pa TV, chinthu chimene kunyumba kwawo anachiletsa.

Pomaliza anapukuta pakamwa, natsokomola ngati akufuna kulengeza za mpingo. Poyamba anagamula kuti Edgar apepese za utsi zija, pakuti mkazi wako sumunyoza ngakhale atabisala m'dzina la eni. Edgar anapepesa ndithu, maso pansi. Kenako anafika pa za nsanja.

"Nonse mwaphonya," anatero. "Wolakwa ndi Mphenziyo. Munthu wodziwa kuuluka akulendewera pa dzanja la mkazi kufuna chiyani? Ndi ulesi. Ndikanakhala ine ndikanamutaya kale."

Kenako Edgar anayamba, mwaulemu poyamba, kufotokoza kuti makina aja anali atamuyamwa mphamvu. Etta anawonjeza kuti Mphenziyo anali asanagone chifukwa chosaka mng'ono wake. Bambo Weston anati kusagona ndi dala, ndipo mwana wopita ku nkhondo osatsanzika akulu zimamuthera choncho. Apo Etta ananyamuka pa mpando uja, nakakhala pa sofa pafupi ndi mwamuna wake kuti aloze bwino pa TV. Wina akayamba chiganizo mnzake ankamaliza.

Mawu oyamba aja bambo Weston anawanena kuchokera pansi pa mtima, koma ataona mapewa awiri atagundana, anathira mchere dala. Anati mwa onsewo wanzeru ndi Chidazi yekha, munthu wolimbikira ntchito, wodzipangira makina ake osapempha boma. Edgar anagwira mutu. Etta anati akanakhala kuti si ankhoswe, bwenzi tiyi wachiwiri atamanidwa.

Anawaperekeza ku siteshoni atawaika pakati, akuwaphunzitsabe. Etta anawapatsira ma DVD onse m'jumbo kuti akaonere modekha, mwina akalapa.

Atafika ku Tottenham, mayi Effie, akazi awo, anafunsa kuti kwayenda bwanji. Iwo anayankha kuti mlanduwo ngwovuta, za m'banja la eni siziululidwa, ndipo pali umboni wina wofunika kuuunika. Mayi Effie anasuzumira m'jumbo, natulutsa DVD imodzi, naiyang'ana mbali zonse. Anati katuni imeneyo amaidziwa, nkhalamba za ku nyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito sizinkalola kuti iziphonye.

"Musavutike, bambo a Glory," anatero akubwerera ku khitchini. "Pa nsanja paja sanali Nachifunga. Anali mlongo wake wa Chidazi atavala nkhope yake. Simunaone ndolo?"

Ndolo sanazione. Anaima pakati pa balaza ndi jumbo m'manja, kenako anaitana Glory kuti adzawasonyeze poyatsira makina a DVD.