Chitseko Chotsegulira Kunja

"Musavutike nacho chitsekocho, alamu," anatero Pius akusuzumira pagalasi. "Chimatsegulidwa ndi munthu wa kunja. Galimoto za ku Joni nzochenjera, sizitaya ana m'njira."

Namaliya anabweza dzanja lake. Panali patangopita masiku ochepa chiikireni mwamuna wake Silvesta m'manda, ndipo mawa lake abale amayenera kukhala pansi kuti agamule: amusudzule abwerere kwawo ku Golomoti, kapena akhalebe pachitengwa. Pius, mkulu wake wa malemuyo, anali atalengeza kale kuti mkazi wa mng'ono wake sachoka pakhomo, amusamala yekha. Lero anamukweza m'galimoto pamodzi ndi mlongo wake Gladys, akuti akaone malo akale, mtima upoleko.

Pamishoni ya ku Mua Pius anamutsegulira, nayenda pambali pake ngati mthunzi.

"Taonani njerwa izi! Ansembe achizungu anamanga agogo athu asanalawe nsapato, koma zili nji mpaka lero. Ine ndaona matchalitchi ku Beira, ku Dar, ku Durban kumene nyanja ilibe tsidya. Chomangidwa bwino sichisuntha, alamu. Banja n'chimodzimodzi."

Namaliya anayang'ana pansi. Atakweranso, chitseko chinati phwa!

Pasiteshoni yakale ya sitima ku Mtakataka, Pius anamenya khoma ndi chikhatho.

"Ndidzakumangirani nyumba yoposa iyi. Ya matailosi! Ku Golomoti mukatsatako chiyani, fumbi?"

M'galimoto munatentha. Mawindo anali otseka chifukwa, malinga ndi Pius, mphepo ya ku Mtakataka imawononga mipando. Namaliya ankafuna kunena kuti ayi, koma anangopukuta thukuta ndi chitenje. Nanga munthu amene anagula bokosi la mwamuna wako ungamukane bwanji pamaso?

Gladys anatsokomola.

"Achimwene, nanga siteshoni ya ku Golomoti mwaidumpha bwanji? Kapena mafuta a ku Joni atha?"

"Ine? Mafuta?" Pius anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Ndinayendetsa thiraki kuchoka ku Musina mpaka ku Tunduma osazimitsa injini!"

Anakhota.

Ku Golomoti anatsika ndi Gladys, nayamba kufotokozera njanji za dzimbiri mmene zinadutsira nthawi ya atsamunda. Mlamu wake sanamutsegulire.

Namaliya anatsamira pawindo. Kuseri kwa siteshoni udzu unali wofika m'chiuno, koma pakati pake panadutsa kanjira kopita kumudzi kwa amayi ake, kolambulidwa bwino, zipsera za khasu zikuonekabe.

Chitseko chinatseguka. Anali Gladys.

"Silvesta ndiye analambula, mwezi wathawu, chifuwa chitamugwira kale," anatero motsitsa mawu. "Chaka chilichonse amabwera panjinga ndi khasu. Nditamukalipira anati, 'Ndinamutenga kwawo podzera njira iyi. Ikamera udzu adzati ndinamutsekera.'"

Pius anamva. Dzanja limene amalozera njanji linatsika pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anasowa dziko loti atchule.

"Pitani mukaone amayi, alamu," anatero Gladys. "Mawa mubwere ndi amalume anu, adzakuyankhulireni."

Namaliya anamanga chitenje chake molimba, nalowa m'kanjirako. Atayenda pang'ono anaona kaudzu katsopano katamera pakati penipeni. Anawerama, nakazula, nakaponya kumbali, kenaka anapitirira.