Kasanu Anandiitana M'nkhungu

Mtambo uja ndakhala ndikuuona kuyambira ndili kamtsikana. Ndikakhala pakhonde la shopu yanga ku Luchenza, phazi lili pa makina osokera, ndikangodzutsa mutu ndimaupeza uli pomwepo, pamutu pa phiri la Mulanje, uli mbee ngati nsalu yoyera imene mwini wake anayanika n'kuiwala. M'chilimwe umaonda, m'dzinja umanenepa, nthawi ya chiperoni umatsika mpaka m'minda ya tiyi. Zaka makumi asanu ndi zinayi ndinkauonera patali, ndipo patalipo pankandikwanira.

Ndiye kunabwera Ndaziona, mwana wanga woyamba, amene anakaphunzira ku Blantyre kuti kutopa n'kosangalatsa. Anabwera ndi tenti yobiriwira, zikwama ziwiri ndi pakamwa pokoma. Akuti munthu sungakalambire patsinde pa phiri osadziwa zimene zili pamwamba pake. Kugona pansi bedi lili kunyumba, kusenza katundu popanda wokutuma, kukhetsa thukuta popanda munda wolima, zonsezi akuti ndi tchuthi. Ine, chitsiru cha mayi, ndinavomera.

Koma panali chimodzi chimene sindinamuuze. Mayi anga ankatchola tiyi kunsi kwa phirili, ndipo mlongo wawo, malume Rabisoni, anali wocheka matabwa a mkungudza. Tsiku lina anakwera, sowo ili paphewa, nkhungu inatsika, iwo osabwerako. Chinapezeka ndi chipewa chokha. Kuyambira pamenepo mayi ankatiuza, osati mongocheza ayi, koma atatigwira khutu: ukakhala paphiri nkhungu n'kukuphimba, ukamva wina akukuitana usayankhe. Eni phiri amabwereka mawu a munthu amene umamukonda. Ukayankha kamodzi wavomera, ndipo ukavomera miyendo imanyamuka yokha. Ndine wa mvano ine, Lachinayi lililonse ndimavala bulauzi yoyera, koma mawu amenewa anakhazikika m'mafupa, momwe nyimbo za kutchalitchi sizifikamo.

Tinayamba kukwera dzuwa likungotuluka. Patsogolo bambo Namate, wotitsogolera, munthu wa imvi wosakonda zolankhulalankhula. Pakati Ndaziona, akujambula duwa lililonse. Pambuyo ine, wefuwefu, ndikukambirana ndi maondo anga. Njira inadutsa m'mapaini, inadutsa m'nkhalango momwe dzuwa limangodontha, inadutsa pamiyala yoterera pomwe madzi amatuluka osadziwika kochokera. Kumanja thanthwe, kumanzere phompho. Ndinayang'ana pansi kamodzi kokha, ndinaona minda ya tiyi itachepa ngati mphasa, sindinayang'anenso.

Masana tinatulukira pamwamba, pachidikha cha udzu wofiirira, chachikulu, chopanda nyumba, chopanda mbuzi, chopanda utsi. Sindinaonepo malo otakasuka chotero opanda ndi mzere womwe wa chimanga. Kunali zii, ndipo bata limenelo silinandikondweretse. Tinakhoma tenti pafupi ndi mwala waukulu. Bambo Namate anati akatenge nkhuni kwa mlonda wa kanyumba ka alendo, kuseri kwa chitunda. Asanachoke analoza kumadzulo, kumene kunkamveka madzi akugwa.

"Mayi, uko musayandikireko. Udzu umangothera m'malere."

Iwo atapita, Ndaziona anatenga chigubu n'kutsikira kukamtsinje. Ndinkamuona ndi maso angawa, jekete yake yofiira ikuchepa m'udzu. Unali ulendo wosakwana kuwiritsa tiyi.

Kenako mtambo wanga uja unabwera.

Sunabwere ndi bingu, sunabwere ndi mphepo. Unangokwera kuchokera kuphompho mwakachetechete, n'kumeza chitunda, n'kumeza kamtsinje, n'kumeza jekete yofiira, n'kumeza zingwe za tenti. Dzuwa linatuwa, linachepa, linazimirira. Kutsogolo mbee, kumbuyo mbee, kumwamba mbee. Mdima ndimaudziwa, kukakhala bii umayatsa nyali. Koma kuyera kumeneku uyatsira chiyani? Ndinatambasula dzanja, zala zanga zinaoneka ngati za munthu wina. Timadzi tozizira tinandimata m'nsidze. Ndinakhala pakhomo pa tenti, poto ali pamiyendo.

"Amayi!"

Anali mawu a Ndaziona enieni, ndi kakokedwe kake kaja kumapeto. Koma anachokera kumanzere, pomwe kamtsinje kali kumanja. Pakamwa panatseguka pokha, ine n'kupatseka ndi chikhatho.

"Amayi! Muli kuti?"

Tsopano kumbuyo. Tsopano chapatali. Ndinadziuza kuti mwana wanga ndi wophunzira, wakhala pamwala pakamtsinje paja, akudikira kuti kuyere. Ndinadziuza kuti uyu si iye, uyu ndi amene anaitana malume Rabisoni. Ndinavula duku n'kuliluma. Ndinaitanidwa kachitatu, kachinayi, kachisanu, ndipo ine, amene ndinkadzukira mwana ameneyu ali wakhanda akangoti nyee, ndinangokhala duu.

Ndinali ndi mantha, ndinene mosabisa. Njoka ukaiona umathawa, galu akakuuwa umatola mwala, koma awa anali mantha awiri akukanganirana munthu mmodzi. Ndikayankha, mwina nditengedwa. Ndikapanda kuyankha, mwina mwana wanga akuyenda m'kuyera kumeneku, manja ali patsogolo, alibe njira ina yobwererera koma pakamwa panga pamene ndatsekapa.

Mawu aja anayamba kuchepa. Ankalowera kumadzulo, kumene madzi ankagwa. Anasiya kuitana, anayamba kulira. Kenako kunamveka "Mayo!" ndi chigubu chikugubuduka pamwala, khu, khu, khu. Ndinatchera khutu kuti ndimve chikufika pansi. Sindinamve.

Mizimu sisenza zigubu.

Ndinadzambatuka. Ndipo onani mantha mmene amapusitsira munthu: poyamba ndinamenya poto ndi supuni, poti za poto mayi sananene. Ngwe, ngwe, ngwe! Matanthwe anabweza phokosolo mbali zonse, lopanda mutu, lopanda ntchito. Ndinataya poto uko, ndinalavula duku.

"Ndili pano! Ndaziona, ndili pano! Ima pomwepo, iwe! Gwada pansi, ukwawe, utsate mawu anga!"

Ndinayankha kamodzi, ndinayankha kakhumi, ndinayankha kosawerengeka. Mumtima ndinati ngati ndinu eni phiri, bwerani mutenge, nkhalamba yake ndi ino. Miyendo yanga sinanyamuke yokha, inangoima pamalo amodzi. Zonena zitanditha ndinayamba nyimbo ya kumvano, mawu atasasa, ndime imodzimodziyo mobwerezabwereza, kuti pakhale chingwe choti agwire. Ndinayimba mpaka m'kuyera muja munaoneka kanthu kakuda, kakukwawa, kenako kofiira, kenako nkhope. Bondo lili magazi okhaokha, phazi limodzi lilibe nsapato.

Ndinamukumbatira. Anali wofunda, ankanunkha thukuta ndi mafuta ake odzola aja. Anali munthu, anali wanga.

"Amayi, bwanji simumayankha?"

"Sindimamva, mwana wanga. Mphepo."

Kunalibe mphepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana duku lonyowa lili pansi.

Nkhungu inachoka mmene inabwerera, yopanda kutsanzika. Chitunda chinabwerera, kamtsinje kanabwerera, dzuwa linawala paudzu wonyowa ngati palibe chachitika. Bambo Namate atafika anatula nkhuni, anaona bondo lija, n'kutsata mkwasa wa udzu wogona kulowera kumadzulo. Anabwerako nsapato ili m'manja. Ndinawafunsa ndi maso. Iwo anangotambasula mkono umodzi, kundionetsa mtunda umene unatsala kuti udzu uthe. Tinagona m'tenti muja dzanja langa lili pamwendo pa Ndaziona, ndipo kutacha tinatsika.

Lero ndili pakhonde langa lomwe lija, phazi pa makina. Mtambo ulipobe pamutu pa phiri, uli mbee, koma sindiuonanso ngati nsalu yoiwalika. Ndikauyang'ana ndimawerenga: kasanu. Mwana wanga anandiitana kasanu. Eni phiri, ngati aliko, sanandilakwire kanthu. Amene anatsala pang'ono kundilanda mwana ndi mayi wa mvano amene analuma duku. Ndaziona sanafunsenso, ndipo ine sindinamuuzebe.

Anzanga a pamsika amandiseka masiku ano, akuti makutu anga akuthwa ndi ukalamba. Mwana aliyense akangofuula kuti "Amayi!", ngakhale wachilendo, ngakhale akuitana mayi wina kutsidya kwa msewu, makina amaima, ine ndayankha kale.

"Ndili pano."