Mtsinje wa a Varvara pa Kanyumba ka Tomato

Amene anatenga magalasi opentedwa a mayi Varvara Ilyinichna osapempha ndi Tolya, mwamuna wa mng'ono wawo Lyuba. Ndamutchula dzina dala kuti wina asadzanene kuti zinangochitika zokha. Anadikira kuti mayiwo agonekedwe m'chipatala kukachotsa ng'ala m'maso, n'kupita ku dacha, kumunda kwawo kunja kwa tauni. Anathyola loko wa shedi, anatulutsa zigawo zonse za zenera limene a Varvara anapanga ndi manja awo, n'kumangira kanyumba kodzalamo tomato.

A Varvara anaphunzira zojambula ku Leningrad ali mtsikana. Anayamba ndi penti ndi nsalu ngati anzawo onse, koma chimene chinawagwira mtima ndi galasi lamitundu. Ankalidula tizidutswa, kujambulapo nkhope ndi manja a anthu, kuliotcha mu uvuni, kenako kulumikiza ndi timizere ta mtovu. Zala zawo ndi zipsera zokhazokha. Mazenera awo anali m'makantini a mafakitale ndi m'nyumba zopumuliramo odwala. Dziko litasintha ambiri anaswedwa, m'malo mwake munalowa apulasitiki, ndipo iwo anatha zaka akujambula timatchalitchi togulitsa kwa alendo padoko.

Zenera lalikulu lomaliza linali la nyumba yodikiriramo sitima za pamadzi. Anajambulapo mtsinje wa Sukhona, kuyambira pamene madzi oundana amasweka mpaka pamene amaundananso: amayi akutsuka zovala, mitengo ikuyandama, ana akusambira. Lisanaikidwe nyumbayo inagulitsidwa, mwini watsopano sanalifune. Zigawozo zinakulungidwa m'mabulangete akale n'kukagona mushedi zaka zambirimbiri. A Varvara eni akewo anali asanalionepo lonse dzuwa likudutsamo. Ankangoona chigawo chimodzichimodzi, atachinyamula pawindo la kogwirira ntchito.

Mu Juni a Varvara anatsika basi ku dacha atavala magalasi akuda amene dokotala anawalamula. Lyuba anawachingamira pageti akulankhula zambirimbiri, za nkhaka, za udzudzu, za mwana wa aneba amene wakwatira. A Varvara ankamudziwa mng'ono wawo: anali kubisa kanthu.

"Varya, uyambe wamwa tiyi," anatero Lyuba. "Usakwiye usanadye."

Tolya anatulukira kuseri kwa nyumba ali pamimba pamtunda, akupukuta manja pakabudula. Anati iye waona kuti zinthu zikungodyedwa ndi mbewa mushedi muja, ndiye wazipatsa ntchito.

"Mbewa zimadya galasi, Tolya?"

"Zimadya mabulangete, alamu."

A Varvara anangomupitirira. Anadutsa pakati pa mizere ya mbatata, anawerama pakachitseko ka kanyumba ka tomato kaja, analowa, n'kuvula magalasi akuda aja.

Munali motentha, munkanunkha manyowa. Zigawo zinali zosokonezeka. Mutu wa mayi wochapa unali pansi pafupi ndi dothi, miyendo yake ili padenga. Nyengo yozizira inali pakati pa ana osambira. Zina Tolya anaziika chagada, mbali yopentedwa ili kunja kumvula. Chigawo chimodzi anachicheka ndi makina kuti chikwane pachitseko, ndipo theka lake linali mu ndowa ya zinyalala. M'mipata anathiramo thovu lachikasu lotsekera ming'alu. Tomato naye anali wowonda, wotumbuluka, akungotalika kufunafuna kuwala kumene galasi labuluu linkamumana.

Koma dzuwa linali likudutsamo. Kufiira kuja, kwa galasi limene anatenga kufakitale ina isanatsekedwe, kunagwa padothi ndi pamikono yawo. Anatembenuza dzanja akuliyang'ana. Anakhala pa ndowa yovundikira, osatuluka mpaka Lyuba anabwera kudzawauza kuti supu yazizira.

Mawa lake kunabwera Elvira Rinatovna wa kumyuziyamu ya m'tauni. Anamuitana ndi Lyuba, chifukwa cha mantha. Elvira Rinatovna anali atapempha zeneralo kalekale. Anazungulira kanyumbako atagwira pakamwa, kenako anafotokoza zimene a Varvara ankadziwa kale: mtovu ndi wofewa, kutentha kwa mmenemo kuupinda, zigawo za padenga ziyamba kulendewera, ndipo chipale chofewa cha nyengo yozizira chikadzagwa mu Okutobala chidzaphwanya zonse. Anati atumiza galimoto ndi mabokosi sabata yomweyo.

A Varvara anafunsa kuti akaliika pati. Elvira Rinatovna anati zenera lalikulu choncho kumyuziyamu kulibe, ndiye pakadali pano likhala m'chipinda chosungiramo katundu, pansi pa nyumba.

"Mmenemo mumalowa dzuwa?"

"Ayi, Varvara Ilyinichna. Koma ndi mouma bwino."

"Shedi yanganso inali youma."

Anamuthirira mlendoyo tiyi, anamupatsa botolo la jamu, anamuperekeza mpaka pageti. Anamuuza kuti galimotoyo isabwere. Elvira Rinatovna anawachonderera kuti aganizenso, kuti ndi ntchito ya moyo wawo wonse. Iwo anangoti akudziwa kuti ndi ntchito ya yani.

Atabwerera anapeza Tolya wayamba kale kumwetulira. Anamuuza kuti atenge makwerero.

"Utsitse zonse. Tiyambire kumanzere kwa chitseko, pamene madzi akusweka."

"Nanga tomato wanga, alamu?"

"Tomato wako anafa kale. Akungochita manyazi kugwa."

Anamugwiritsa ntchito ngati bulu. Iwo ali pandowa paja akuloza ndi ndodo ya nyemba, iye akukwera ndi kutsika, thukuta lili kamukamu. Akagwira chigawo pakona ankamukalipira kuti agwire pakati ngati mwana wakhanda. Thovu lachikasu lija anamukanditsa ndi mpeni mpaka kutha. Tolya ankang'ung'udza kuti ngakhale kuusilikali sanazunzikepo chotere. Lyuba ankangobweretsa nkhaka zamchere ndi buledi wakuda, osalowerera. Pachitseko, pamene panali chigawo chochekedwa chija, a Varvara anati paikidwe galasi wamba losapenta, kuti aliyense wolowa aone kuti pasowa kanthu.

Tsopano mtsinje ukuzungulira kanyumbako mwadongosolo lake. Mayi wochapa mutu wake wabwerera pakhosi. Aneba amabwera ndi adzukulu awo, amaima mkati mwakachetechete nkhope zili zabuluu ndi zofiira, n'kutuluka akufunsa ngati tomato adzabereke. A Varvara amafika ndi basi yam'mawa, kukhala pandowa, kutsatira dzuwa kuchokera khoma ili kupita khoma ilo. Sajambula kanthu. Padenga zigawo ziwiri zayamba kale kupindikira mkati, ndipo iwo ndiwo anayamba kuziona. Akafunsidwa za Okutobala amangoti Okutobala sanafike.

Iwo mtima unagona. Wanga sunagone. Theka la chigawo chija linapita kudzala. Loko Tolya sanagule wina. Pepani sanatuluke pakamwa pake ngakhale kamodzi. Lero Tolya amaima pageti atavala malaya, kulandira anthu, kuwauza kuti chikhala kuti si iye, luso la alamu ake likanafera mumdima. Ndipo anthu amamugwira chanza, ena mpaka kumubweretsera botolo la mowa.

Inu amene mwawerenga, musandiuze kuti zinatha bwino, chipale chikubwera. Munthu wathyola loko wa mayi amene ali chigonere m'chipatala maso atamangidwa, wacheka ntchito yake ndi makina. Poti chimene anabacho anachiika padzuwa, ndiye kuti wasiya kukhala wakuba? Ndiyankheni.