Tizidutswa ta pa Mkeka wa a Zefa

Sabata yonse yathayi ku Thambani kuno anthu akhala akunong'onezana kuti a Zefa ayamba kuombeza ula. Akuti masanasana amayala mkeka pabwalo, n'kundandalikapo tinsanza, kenako n'kukwera pampando kumatiyang'ana ali duu. Kumjigo ena mpaka amati tinsanzato timawayankha. Dikirani ndikuuzeni zoona zake.

Mwana wa a Zefa, Gisela, wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Ndiye mayi ake anafuna kumusokera chofunda cha zigamba kuchokera ku zitenje zakale. Pa zitenjezo panali china chabuluu, chomwe malemu mayi awo anawaberekera pothawa nkhondo ku Mozambique. Chinali chitatheratu, moti panangotuluka tizidutswa tisanu tokha tolimba.

Mnzawo a Deliwe, ogulitsa tomato pamsika, anawauza kuti asadzivute. "Asisi, chofunda n'chofunda basi. Tolani kali pamwambako, sokani. Munthu akagona amaona maluwa ngati?"

A Zefa anamvera. Koma poti tabuluu tija tinali pamwamba pa mulu, tonse tisanu tinathera mumzere woyamba, wa m'mphepete. Pofika mzere wachitatu, nsalu zakuda zinali zitaunjikana mbali imodzi, ndipo mizere inali yosiyana kutalika.

Anazinyamula kupita nazo kwa a Stafford, telala wa pakhonde la golosale, amene amaphunzitsanso amayi kusoka Lachinayi lililonse. Iwo anafotokoza kuti m'mphepete ndi momwe chofunda chimayambira kutha, chifukwa ndi mokokedwa ndi mokhula pansi. Tabuluuto tikakhala pamenepo, chaka sitimaliza. Panalibe kuchitira mwina koma kumasula ulusi wonse ndi lezala. Pomasulapo, kabuluu kamodzi kanang'ambika pakati. A Zefa anakapinda n'kukamanga kunsonga ya chitenje chawo.

"Mayi, singano imabwera pomaliza," anatero a Stafford. "Yambani mwayala zonse pansi. Pamkeka mukhoza kusintha kakhumi, osang'amba kanthu."

Anawadulira kakatoni koyezera kuti tizidutswa tonse tifanane. Anawauza kuti ta mtengo wapatali tikhale pakati, takuda tizisinthana ndi towala, ndipo aziyang'ana ali chapatali kapena pamwamba, poti ukayandikira diso limanama. Akakhutira, alembe nambala ndi choko pa mzere uliwonse asanatole.

Ndiye ula wake ndi umenewo. Masiku atatu a Zefa ankangosuntha tizidutswa. Tabuluu tinayi anatiika mozungulira pakati, koma pakatikati penipeni, pomwe pakanakhala kong'ambika kaja, panali mkeka wokhawokha. Anayesapo kofiira, ayi. Kachikasu, ayinso. Dzulo Gisela analowa m'nyumba n'kutuluka ndi yunifolomu yake ya Sitandade 1, ija inamuchepera kalekale. Anadulapo kachidutswa n'kukaika pamenepo.

A Zefa anakwera pampando paja, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Eya," anatero. "Agogo ako akuberekanso iwe tsopano. Patse choko."

Amene anayambitsa za ula uja sindimutchula dzina, koma amagulitsa tomato, ndipo lero m'mawa anabwereka kakatoni kaja.

Phunziro: Yalani ndi kuyang'ana kaye musanasoke, chifukwa nsalu yakale sipirira kusokedwa kawiri. Nanga inu, mukanakhala ndi tizidutswa tisanu tokha ta chitenje cha mayi anu, mukanayamba ndi singano kapena mkeka?